Nkhanga zidapangana kusanapse

Mapanga awiri avumbwitsa. Akuluakulu ankanena mwambiwu poganizira munthu amene mvula yamupeza m'phiri, iye n'kumathamangira uku ndi uku osasankha pobisala, mpaka kunyowa thupi lonse. Masiku ano ndimaukumbukira ndikamaona achinyamata athu amene akulemba mapulogalamu a timakompyuta ting'onoting'ono totchedwa microcontroller, tija timabisala m'mita ya magetsi olipiriratu, m'makina a sola ndi m'masikelo a kuchipatala. Ntchito akuidziwa, ndipo mitu yawo imathamanga kuposa yathu. Koma nambala imodzi amailemba pawiri, mu pulogalamu iyi ndi mu pulogalamu iyo, osazindikira kuti tsiku lina manambala awiriwo adzasiyana.

Titenge ntchito imene ambiri amayamba nayo. Thanki ya madzi ili pansanja, pampu ili kumunsi pachitsime. Pathanki pali bolodi la Arduino Uno ndi sensa yoyeza kuya kwa madzi. Papampu pali bolodi la ESP32. Pakati pawo pali timawailesi ta nRF24L01 ta kampani ya Nordic Semiconductor, timene sitinyamula uthenga wopitirira ma byte 32 pa ulendo umodzi. Mapulogalamu ndi awiri, iliyonse m'foda yake, koma pali zinthu zimene ayenera kuzidziwa mofanana: tchanelo cha wailesi, adiresi, nambala yotanthauza kuti yatsa pampu, nambala yotanthauza kuti zimitsa, ndi ndondomeko ya zinthu m'kati mwa uthengawo. Njira yachidule ndi yokopera mizere ija kuchokera kuno n'kukaimata uko. Tsiku loyamba zonse zimayenda, madzi n'kukwera, anthu n'kuomba m'manja.

Pakapita miyezi, wina amaganiza zowonjezera lamulo latsopano, tinene loti pampu idikire dzuwa. Amalilowetsa pakati pa mndandanda wa malamulo mu pulogalamu ya pathanki. Mndandanda wotere, umene mu chilankhulo cha C umatchedwa enum, umadziwerenga wokha kuyambira pa 0, ndiye lamulo latsopano likalowa pakati, onse a m'munsi mwake amasuntha. Zimitsa anali 2, tsopano ndi 3. Bolodi la papampu likudziwabe za kale. Chowawa n'chakuti compiler, chida chimene chimamanga pulogalamu kuti chip iimve, sidandaula, pakuti pulogalamu iliyonse payokha ilibe cholakwa. Cholakwa chili pakati pawo, pamalo amene palibe akuyang'anapo. Madzi amasefukira usiku wonse, kapena chitsime chikaphwa pampu imazungulira youma mpaka kupsa.

Mankhwala ake ndi akale kuposa ambiri a inu. Dennis Ritchie adapanga chilankhulo cha C ku Bell Labs, ku America, cha m'ma 1972, ndipo pasanapite nthawi adachiwonjezera malamulo awiri, #define ndi #include. Lachiwirili lilibe nzeru zakuya ayi. Limangouza makina kuti atenge mawu onse a m'fayilo yakutiyakuti n'kuwaika pamalo pano. Ndi kukopera komweko. Kusiyana kwake n'kwakuti munthu amakopera kamodzi n'kuiwala, pamene makina amakopera mwatsopano nthawi iliyonse pulogalamu ikumangidwa, kuchokera pa gwero limodzi. Fayilo yotereyi ndiyo header, ija dzina lake limathera ndi .h, ndipo laibulale imene ilibe china chilichonse koma mafayilo oterewa ndiyo amati ya header yokha. Aliyense amene adayatsapo kanyali pa Arduino adadyapo kale za njirayi ngakhale sankadziwa. Mayina ngati PORTB ndi DDRB amafika kudzera m'fayilo ya avr/io.h, ndipo kampani ya ARM idachitanso chimodzimodzi mu 2008 ndi CMSIS, kuti opanga ma chip osiyanasiyana azitchula ziwalo za m'kati ndi mayina amodzi.

Pali kamsampha kamodzi kamene kamakola oyamba kumene, ndipo ndikatchule msanga. Pulogalamu ya Arduino ya pakompyuta isanayambe kumanga, imayamba yakopera foda ya ntchito yanu kupita kumalo ena osakhalitsa. Ndiye mukailozera ku header imene ili m'foda yoyandikana, kawirikawiri siipeza. Chofunika ndi kuipatsa header foda yakeyake m'kati mwa foda ya libraries, ndipo mapulogalamu onse awiri aziitana kumeneko. Ogwiritsa ntchito PlatformIO ali ndi njira yawo yolozera laibulale m'fayilo ya platformio.ini. Zimenezo n'zophunzira tsiku limodzi. Zimene zimatenga zaka ndi kudziwa choti chilowe m'fayiloyo ndi choti chitsale kunja.

Nkhanga zidapangana kusanapse. Kwa ine header yogawana ndi pangano, ndipo phindu lake lalikulu n'lakuti ndi pangano limene makina amaliwerenga okha. Pangano la papepala limadutsa m'mitu ya anthu, ndipo kandimverere adakanena za m'maluwa. Pa 11 Disembala 1998 bungwe la NASA lidatumiza chombo cha Mars Climate Orbiter kuti chikazungulire dziko la Mars. Pepala la mgwirizano lidalipo, ndipo lidanena momveka kuti mphamvu ya timainjini tokankha chombocho iziwerengedwa mu newton. Pulogalamu ina ya pansi pano, yolembedwa ndi kampani ya Lockheed Martin, inkatulutsa manambala ake mu mapaundi. Oyendetsa chombo ku Jet Propulsion Laboratory ankawalandira ngati ma newton. Paundi imodzi ya mphamvu ndi ma newton 4.45, choncho kukankha kulikonse kunkaoneka kochepa kuposa mmene kudaliri, kwa miyezi isanu ndi inayi ya ulendo. Pa 23 Seputembala 1999 chombo chimene chimayenera kudutsa pa mtunda wa makilomita 226 pamwamba pa Mars chidatsika kufika pafupifupi makilomita 57, ndipo sichidamvekenso. Anthu ake sadali opusa, adali akatswiri enieni. Pepala lidali m'kabati, manambala ankayenda okha opanda dzina.

N'chifukwa chake ndimawauza ana amene amabwera kudzandionetsa ntchito zawo kuti muyezo uzilembedwa m'dzina lenilenilo. Musalembe kuti kuya, lembani kuti kuya_mm. Musalembe kuti batire, lembani kuti batire_mV. Header yokha sikadapulumutsa chombo chija ikadakhala ndi mayina osalankhula. Koma dzina likanyamula muyezo wake, ndipo dzinalo likuchokera pamalo amodzi, aliyense wolemba mzere wolikhudza amakumana nalo ndi maso ake.

Tsono pali nkhani ina yobisika kuposa imeneyi. Anthu awiri atha kugwirizana mawu koma osagwirizana tanthauzo. Pa malonda a chimanga onse amati ndowa, koma mlimi amene adagulitsapo kwa mavenda amadziwa kuti ndowa yogulira kumudzi ndi ndowa yogulitsira m'tauni sizifanana kukula. Liwu loti int mu C lili chomwecho. Malamulo a chilankhulochi amangolonjeza kuti silichepera ma bit 16. Pa Arduino Uno, amene mtima wake ndi ATmega328P, int ndi ma byte 2 ndipo imathera pa 32,767. Pa ESP32 ndi ma byte 4 ndipo imapitirira mabiliyoni awiri. Wosunga mu int nthawi ya millis, yowerengedwa m'mamilisekondi, adzaona nambala ikutembenuka pakangotha masekondi 33 pa Uno, pamene pa ESP32 cholakwa chomwecho chimagona masiku 24 chisanadzuke. Liwu loti double nalo ndi ma byte 4 pa Uno ndi 8 pa ESP32. Ndiye header imodzi, yowerengedwa ndi ma compiler awiri, itha kubala zinthu ziwiri zosiyana. Kuyambira mu 1999 chilankhulo cha C chili ndi fayilo ya stdint.h, yokhala ndi mayina amene amanena kukula kwawo poyera: uint8_t, int16_t, uint32_t. M'header yogawana musamalowe int wamba ngakhale mmodzi.

Ngakhale mutatero, simudathe. Tiyeni tiwerenge limodzi, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Uthenga wa pathanki uli ndi zinthu zitatu: nambala ya thanki ya byte 1, kuya kwa madzi kwa ma byte 2, ndi nthawi ya ma byte 4. Pamodzi ndi 7, ndipo pa Uno zimakhaladi 7, popeza chip ya ma bit 8 imatola byte iliyonse pamene ili. ESP32 imafuna kuti nambala ya ma byte 2 iyambire pa adiresi yogawika ndi 2, ya ma byte 4 pa adiresi yogawika ndi 4. Choncho compiler yake imasiya mpata wa byte imodzi pambuyo pa nambala ya thanki, uthenga n'kukhala 8. Wotumiza waika kuya kwa madzi pamalo achiwiri ndi achitatu, wolandira akukufuna pamalo achitatu ndi achinayi. Zimene amawerengazo ndi theka la kuya losakaniza ndi chidutswa cha nthawi. Wailesi ilibe mlandu, waya alibe mlandu, koma ndaona anthu akusintha batire, kusintha mlongoti, kugula kawailesi kena, pamene vuto lili pa byte imodzi yopanda kanthu.

Ena amathetsa izi ndi liwu loti packed, limene limaletsa compiler kusiya mipata. Limathandiza, ngakhale kuti ma chip ena amachedwa, ena amagwa kumene, akakakamizidwa kuwerenga nambala yokhala pa adiresi yosayenera. Ine ndimakonda kuyala zinthu kuyambira chachikulu kutsika: nthawi patsogolo, kuya pambuyo pake, nambala ya thanki kumapeto, kenako n'kuwonjezera byte ina imodzi kuti zikwane 8 mbali zonse popanda mpata wobisika. Byte yowonjezerayo isakhale yachabe, ndipo ntchito yake ndiinena kutsogoloku. Pansi pa zonsezi pakhale mzere umodzi wa static_assert, umene udalowa mu C ndi mu C++ mu 2011, wonena kuti uthengawu ndi ma byte 8, osachepera osapitirira. Tsiku limene wina adzausokoneze, compiler idzakana kumanga pomwepo, ali pampando, asanakwere nsanja. Mzere umenewo ndimaulemekeza kuposa ndemanga zonse zimene munthu angalembe pamwamba pa fayilo, chifukwa ndemanga munthu atha kuidumpha.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Munthu akalawa kukoma kwa header yogawana amafuna kuikamo zonse, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwa. Kumbukirani kuti #include ndi kukopera. Mukalemba m'header chinthu chimene chimatenga malo m'chikumbukiro cha chip chotchedwa RAM, tinene nambala yosinthasintha yowerengera mauthenga, ndiye mafayilo awiri a pulogalamu imodzi n'kuitana header imeneyo, chinthucho chabadwa kawiri. Linker, imene ntchito yake ndi kulumikiza zidutswa zonse kukhala pulogalamu imodzi, imaima n'kunena kuti multiple definition. Wophunzira amadabwa, amati koma ndidaika #ifndef pamwamba ndi #endif pansi. Inde adaika, ndipo adachita bwino, koma alonda amenewo, monganso #pragma once, amangoletsa header kulowa kawiri m'fayilo imodzi. Za fayilo yoyandikana nayo sadziwa kanthu, pakuti compiler imagwira fayilo iliyonse payokha.

Ndiye wina amamunong'oneza kuti aike liwu loti static patsogolo. Linker imakhaladi chete. Koma chimene chachitika n'chakuti fayilo iliyonse yalandira kope lakelake. Ngati inali nambala yowerengera, tsopano zilipo ziwiri, iliyonse ikuwerenga zake. Ngati unali mndandanda wa ma byte 200 ndipo mafayilo asanu akuugwiritsa ntchito, apita ma byte 1,000. Pa kompyuta ya pa desiki zimenezo si kanthu. ATmega328P ili ndi ma byte 2,048 okha a RAM, ndiye pafupifupi theka latha pulogalamu isanayambe n'komwe. Ndipo pa chip imeneyi, ngakhale mndandanda wosasintha umakoperedwa ku RAM poyatsa, pokhapokha mutaulemba kuti PROGMEM kuti utsale mu flash, mmene muli ma kilobyte 32. RAM ikatha, chip siuza munthu. Imangoyamba kuchita zachilendo, kudzizimitsa n'kudziyatsa, nthawi zina patapita maola ikugwira bwinobwino.

Lamulo lake ndi losavuta kulinena. M'header muzikhala mayina, miyezo, maonekedwe a uthenga, ndi timafankishoni tating'ono tolembedwa kuti inline. Chinthu chodya RAM chizingolengezedwa m'header ndi liwu loti extern, koma chizikhala m'fayilo imodzi yokha. Sean Barrett, mwini malaibulale a stb, adapeza njira yosungira zonse m'fayilo imodzi popanda kuswa lamuloli: thupi la laibulale limabisika mpaka fayilo imodzi, imodzi yokha, italemba dzina lapadera ngati STB_IMAGE_IMPLEMENTATION isanaitane header. Laibulale ya ArduinoJson ya Benoît Blanchon nayo ndi ya header yokha, yodalira ma template a C++. Zonsezi zili ndi mtengo wake, pakuti fayilo iliyonse yoitana header yaikulu imachedwa kumangidwa. Walira mvula walira matope.

Manambala a mapini asalowe m'header yogawana. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Pini 7 pa Uno ndi yomasuka, mutha kumangapo chilichonse. Pa ESP32 wamba mapini 6 mpaka 11 ndi olumikizidwa ku flash imene muli pulogalamu yeniyeniyo, ndipo mukawakhudza bolodi limagwa. Uno imayeza magetsi ndi manambala a 0 mpaka 1,023 pa mavoti 5, ESP32 ndi 0 mpaka 4,095 pa mavoti 3.3. Mukalemba m'header yogawana kuti thanki yadzaza pa 800, mwanena zoona za bolodi limodzi ndi bodza la linzake. Bolodi lililonse lisandutse zoyeza zake kukhala mamilimita kwawo komweko, ndipo pa wailesi payende mamilimita. Chimene mbali imodzi yokha ikuchifuna si cha pangano. Samalaninso ndi mayina afupiafupi a #define, chifukwa salemekeza malire a fayilo iliyonse. Arduino yeniyeniyo idatenga mayina ngati min ndi max mwa njira imeneyi, ndipo akhala akuwombana ndi malaibulale ena a C++. Dzina lililonse la m'header yanu liyambe ndi chizindikiro cha ntchito yanu, kapena likhale m'kati mwa namespace.

Chatsala ndi chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa palibe compiler imene ingachione. Kusintha header sikusintha chip imene ili pansanja. Chip imanyamula pangano la tsiku limene idaflashidwa, ndipo idzalinyamula mpaka munthu atapita ndi laputopu ndi chingwe. Amati liwiro la mumchenga n'kuyambira pamodzi, koma mathanki akakhala khumi m'midzi khumi, nyengo ya mvula milatho itakokoloka, simungawayambitse pamodzi. Padzakhala masabata pamene akale ndi atsopano akulankhula pa tchanelo chimodzi.

Anthu a ndege zopanda woyendetsa adaliganizira bwino vutoli. MAVLink, imene Lorenz Meier adaitulutsa mu 2009, ndi chilankhulo chimene ndege zoyendera mapulogalamu a PX4 ndi ArduPilot zimalankhulira ndi kompyuta ya pansi, ndipo laibulale yake ya C ndi ya header yokha. Mauthenga onse amafotokozedwa kamodzi m'mafayilo a XML, ma header n'kupangidwa ndi makina kuchokera pamenepo, zinthu zitayalidwa kuyambira chachikulu kutsika. Nzeru imene ndimaisirira ndi byte yotchedwa CRC_EXTRA. Imawerengedwa kuchokera ku dzina la uthenga ndi mayina ndi mitundu ya zinthu za m'kati mwake, kenako imasakanizidwa mu nambala yotsimikizira uthenga uliwonse. Ngati ndege ndi kompyuta zidamangidwa ndi matanthauzo osiyana a uthenga umodzi, nambala yotsimikizira sigwirizana, uthengawo n'kutayidwa m'malo momveka molakwika. Izi sizili kutali nafe. Boma la Malawi ndi UNICEF adatsegula malo oyeserapo ndege zoterezi ku Kasungu mu 2017, ndipo sukulu ya African Drone and Data Academy idayamba kuphunzitsa achinyamata ku Lilongwe mu 2020. Mwana wathu aliyense amene adzamange pulogalamu ya ArduPilot adzawapeza ma header amenewa atapangidwa momwemo.

Ife a thanki ndi pampu sitifunika zonsezo. Byte yachisanu ndi chitatu ija ndi yokwanira. Ikhale nambala ya pangano, yolembedwa m'header, yokwezedwa nthawi iliyonse maonekedwe a uthenga akasintha. Wolandira ayambe wayang'ana byte imeneyo asanakhulupirire china chilichonse. Akapeza nambala imene saidziwa asaganizire, pakuti safunsa adadya phula. Azimitse pampu ndi kuyatsa nyali yochenjeza. Malamulo a mu enum apatsidwe manambala olembedwa ndi dzanja, zimitsa akhale 2 mpaka kalekale, latsopano lilowe kumapeto, ndipo nambala ya lamulo lotayidwa isapatsidwenso kwa lina, chifukwa kwinakwake kuli bolodi limene likuikumbukira.

Ndipo header ikhale ndi mwini. Ubwino wake womwe uja, woti aliyense akumwa pa gwero limodzi, ndiwonso ngozi yake: mukaisintha lero chifukwa cha ntchito ya thanki, ntchito ya nkhuku kapena ya ulimi wothirira imene imaitananso fayilo yomweyo idzasintha mwakachetechete tsiku limene wina adzaimangenso, mwina chaka chamawa, mwini wake atachoka. Git, imene Linus Torvalds adailemba mu 2005, imalola ntchito iliyonse kudzimangirira ku mtundu umodzi wa header kudzera mu submodule, kuti isasunthe mpaka mwini ntchito atafuna yekha. Mutu umodzi susenza denga, n'zoona, ndipo onse okhudzidwa ayenera kufunsidwa kusintha kusanachitike. Koma wolemba kusinthako m'fayilo ndi kukweza nambala ya pangano akhale mmodzi wodziwika. Pokaflasha, ayambe ndi bolodi la papampu, litaphunzitsidwa kumva nambala yakale ndi yatsopano yomwe. Mathanki atsatire limodzilimodzi monga misewu ilolera, ndipo mizere yomvera nambala yakale ichotsedwe pokhapokha thanki yomaliza italembedwa m'kaundula kuti yasinthidwa.